Mangolomera a Andeleya

Anyamata akayamba kukangana za nkhonya pa msika wa Chongwe, kuti uyu ndiye katswiri, uje sangamuthe, ine ndimatenga njinga yanga n'kuchokapo. Amati mdalayu sakonda masewera. Sadziwa kuti mkangano umenewo ndinauyamba iwo asanabadwe, ndipo ndikaumva mtima umandiwawa mpaka lero.

Tinachoka awiri, ine ndi msuweni wanga Andeleya. Makolo athu anachokera kummawa n'kudzapempha malo kwa Asoli, cha ku Kasisi kuno. Ine ndinali ndisanakwatire, ndiye wondilira anali mayi okha. Andeleya anali atakwatira mwana wa eni dziko, Monika, ndipo ankakhala kwa mkazi monga mkamwini. Anasiya kamnyamata koyamba kumene kuyenda, dzina lake Petulo, ndi pakati pongoyamba kuoneka. Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chikumasula, koma a msonkho sanadule. Tinayenda pansi mpaka ku Lusaka, tinakwera lole, tinawoloka Zambezi pa Chirundu, n'kukatsikira pa mgodi wina wa golide kupitirira Halale.

Moni woyamba wa eni mgodi unali wotivula zovala. Anatiimika pamzere tili mbulanda, akulu ndi ana omwe, n'kumatikweza pa sikelo mmodzimmodzi ngati matumba a mtedza. Andeleya atakwera, kalaliki anayang'ana muvi wa sikelo, anayang'ana munthu, n'kufunsa ngati winayo watsala panja. Onse anaseka. Msuweni wanga anali wochepadi. Ukamuona kumbuyo ukanati ndi mwana wa sukulu wavala kabudula wa bambo wake.

Anatipatsa fosholo. Ntchito yathu inali yotapa miyala imene ophulitsa aswa, n'kumathira m'ngolo. Pansipo panali potentha, mpweya wake wonunkha wonga, ndipo miyala ya golide ili ndi mano. Inatidula zala, inatidula m'mikono, mabala n'kumapola ali ndi fumbi mkati, kusiya timizere takuda. Aliyense wa fosholo anali nato. Ine ndili nato mpaka pano, ndipo palibe amene anandifunsapo kuti n'chiyani.

Ku komboni tinkagona ambiri m'chipinda chimodzi, pa mashelefu a simenti, nsikidzi zikuchita ukwati. Phoso linali ufa wofumbwa, nyemba za anankafumbwe, ndi mafupa amene ankawatchula nyama. Chaka choyamba chibayo chinandigwetsa. Andeleya akatuluka pansi, asanasambe n'komwe, ankabwera kudzandimwetsa phala ndi supuni, akunditukwana kuti ndikafa iye sakanyamula bokosi langa la zovala chifukwa muli nsanza zokha. Msuweni ndiye wokutukwana, ndipo kutukwana kwake kunandichiritsa kuposa mapiritsi.

Lamulungu masana kunali nkhonya. Mzungu woyang'anira komboni ankazikonda kwambiri, chifukwa anthu amene atupitsana milomo Lamulungu safunsa za malipiro Lolemba. Akale pamgodipo ankasimba kuti m'mbuyomo munthu ankangolowa m'bwalo n'kuloza amene akumufuna, wamkulu kaya wamng'ono, ndipo ambiri ankadalira mangolomera, mankhwala amphamvu otemera m'manja. Mzungu uyu anathetsa zimenezo. Anamanga zingwe, anabweretsa magolovesi, ndipo ankatulutsa sikelo ya kuchipatala ija kuti aliyense amenyane ndi wolemera ngati iye. Mayina ake a Chingerezi a magulu amenewo anatikanika, ndiye tinapanga athu. Tinkati makola. Opepuka anali khola la atambala, apakati la atonde, olemera la nkhunzi.

Andeleya analowa mwachibwana, atabetchedwa ndi mnyamata wina wa ku Tete. Anapambana. Lamulungu lotsatira anapambananso. Posakhalitsa matambala a migodi yoyandikana ankabwera pa lole kudzamuyesa, n'kubwerera atagwira nsagwada. Analibe dzanja lolemera. Anali ndi miyendo ndi maso. Mnzake akaponya, ankapeza pamene panali mutu palibe kanthu, nthiti zake zikulira. Ndipo ngakhale atamupeza bwino, Andeleya ankabisa chibwano pachifuwa n'kulandira ndi chipumi. Sanagwepo pansi.

Mankhwala ake ine ndinkawaona. Mmawa tisanalowe pansi ankathamanga kuzungulira mulu wa miyala. Ankamenya thumba la mchenga kuseri kwa mabafa. Sabata ya nkhonya ankandikankhira theka la chakudya chake kuti sikelo isamutulutse m'khola la atambala. Munthu wothawa njala kwawo, kudzasala kudya kwa eni kuti mzungu asangalale Lamulungu. Ndinkadya chakudyacho, koma chinkandinyansa.

Mkangano unayambira pa kanema. Nthawi zina ankationetsa pa khoma la sitolo ankhonya akuda a ku Amereka. Panali wina wolemera, wosaseka, woyenda pang'onopang'ono, amene tinamutcha Chitsulo. Panali wina wapakati, wa tsitsi losalala, amene tinamutcha Wovina. Komboni yonse inagawika. Ena ankati Chitsulo ndiye mfumu, popeza palibe munthu padziko amene angaime naye. Ena ankati kulemera si luso, ng'ombe nayo imalemera, Wovina ndiye amadziwa nkhonya. Tinkakangana pamzere wa phoso, m'chikepe chotsikira pansi, ngakhale kuchimbudzi. Anthu amene sitinkaloledwa kunena kanthu pa moyo wathu tinali ndi mawu ambiri pa anthu a ku Amereka.

Kenako mkangano unafika pakhomo. M'khola la nkhunzi munali Msena wina wotchedwa Sitima, wobowola miyala, khosi lake lofanana ndi ntchafu yanga. Funso linali lakuti wamkulu ndani, Sitima kapena Andeleya.

Ine ndinkati: "Bakalemela chimodzimodzi, Andeleya angamuphunzitse Sitima. Koma sibalemela chimodzimodzi. Tambala ni tambala."

Wonditsutsa anali Filimoni, wa cha ku Palabana, mnzathu wa chipinda chimodzi. Sanali munthu woipa. Anali ndi pakamwa posatseka, ndipo nkhani ikalowa mwa iye ili mbuzi inkatuluka ili ng'ombe.

"Iwe na sikelo yako," ankatero Filimoni. "Bachotse sikelo, bachotse zingwe, uzaona. Uyu mwana wa kwathu ali na kanthu m'manja. Sitima angagwe na mbama chabe."

Andeleya ankamvetsera akusoka nsapato yake. Tsiku lina anati, "Ba Filimoni, Sitima akanigunda kamodzi, muzanitola na fosholo." Koma ananena akumwetulira, chifukwa ndani safuna kutamidwa. Iye ndi Sitima sanamenyanepo. Mzungu sakanalola, ndipo iwo eni ankagawana fodya.

Filimoni ndiye anayamba kubwerera kumudzi. Andeleya anamusenzetsa katundu: mabulangete, nsalu za Monika, jekete la amalume ake a Monika, ba Yosefe, ndi zogulira pulawo. Ankatumiza chonchi nthawi zonse akapeza wopita. Iye ankayenda ndi malaya ong'ambika pamsana.

Patapita miyezi kunabwera mnyamata watsopano wochokera kwathu. Iyeyu ndiye anatiuza kuti Monika anabereka mwana wamkazi, Tereza, amene tsopano akuyenda, ndi kuti Petulo anamwalira ndi chikuku. Anazinena zonse ziwiri pamodzi, ali chiimire, asanatule n'chikwama chomwe. Andeleya anapita kwa mzungu kukapempha ulendo. Mzunguyo anamuuza kuti ntchito imene anasainira sinathe, ndipo mwana wakufa sadzuka chifukwa bambo wabwera. Kuchokera tsiku limenelo Andeleya sanavalenso magolovesi. Mzungu anakwiya, anamusamutsira ku malo a madzi a pansi pa mgodi kumene anthu ankatenga chifuwa, ndipo zaka zinapita tisanamasuke.

Tinabwerera m'chilimwe. Tinatsika pa msewu waukulu dzuwa lili pamutu, mabokosi pamapewa. Ine mayi anandilandira ndi nthungululu. Ndinangomwa madzi n'kuperekeza Andeleya kwa mkazi wake, chifukwa njira yonse ankangonena za Tereza, kuti kaya wafanana ndi ndani, kaya kadiresi kamene wagula kamukwana.

Titalowa m'mudzimo, amayi anayamba kukoka ana awo. Monika anatuluka, anagwada patali, anapereka moni maso ali pansi. Andeleya anatambasula dzanja. Monika sanalilandire.

"Mwana ali kuti?" anafunsa Andeleya.

"Ali kwa bambuya bake."

"Kamutenge nimuone."

Monika anayang'ana kunyumba ya amalume ake, n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu. Anatipatsa mipando panja. M'nyumba imene Andeleya anamanga ndi manja ake sanatilowetse. Madzulo tinanyamula bokosi lija n'kubwerera nalo kwa mayi anga.

Mayi ndiwo anatimasulira. Filimoni atafika anasimba pa mowa uliwonse kuti Andeleya wagonjetsa Halale yense. Anati amagwetsa amuna otalika ngati chitseko, ndipo chimphona china chotchedwa Sitima chinakomoka ndi mbama imodzi. Za makola sananene, ndipo akananena palibe akanamva. Kwathu ndewu ndi ndewu, mwamuna ndi mwamuna. Anthu amene ankamudziwa Andeleya kuyambira ali mwana anafunsana kuti kamunthu kotere kangagwetse bwanji zimphona. Yankho linali limodzi, mangolomera. Ndipo aliyense ankadziwa kuti mangolomera amphamvu chotero sagulidwa ndi nkhuku, amafuna magazi a m'nyumba. Petulo atamwalira mwezi wotsatira, anthu anati umboni ndi umenewo. Chikuku chinatenga ana ambiri chaka chimenecho, koma enawo bambo awo sanali ankhonya. Filimoni mwini wake anali atapita kale ku migodi ya kopa, kukasimba zina.

Mmawa tinapita kwa ba Yosefe. Kwa Asoli mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mawu a malume ndiwo amatsegula kapena kutseka chitseko. Tinawapeza atavala jekete lija. Anali munthu wopemphera, korona ili m'khosi, ndipo sanakweze mawu.

Andeleya anakhala pansi, anawomba m'manja, n'kufotokoza zonse. Anati sanamenyepo munthu wamkulu. Anati kuli sikelo, amakupima, wopepuka amenyana ndi wopepuka mnzake.

"Sikelo," anatero ba Yosefe. "Apongozi, muntu ni saka ya chimanga kuti bamupime? Ndeo ikabwela, muyamba mwafuna sikelo?"

"Si ndeo, apongozi. Ni masewela. Ali na malamulo."

"Nionetseni manja."

Andeleya anatambasula manja. Ba Yosefe sanawakhudze. Analoza timizere takuda tija ndi kamtengo.

"Izi si mphini?"

Ine ndinapinda malaya n'kuonetsa anga. "Onani, na ine nili nazo. Ni myala ya mu mugodi."

"Imwe simunagwetse muntu," anatero, osandiyang'ana n'komwe. "Ise tinaika mwana mumodzi. Uyu watsala sitizamupeleka. Katundu munatuma tinalandila, tiyamika. Koma mu nyumba muja simungagone."

Chapatali mlongo wake wa Monika, Jailosi, ankamasula ng'ombe pa pulawo imene Andeleya anagula. Jailosi anali chimunthu, wonyamula thumba la chimanga m'khwapa, koma wofatsa ngati mwana. Andeleya anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Niikeni na mulamu wanga," anatero. "Pa bantu bonse. Ngati nili na mankhwala, azagwa ni iye. Akanimenya ine, muzaziba kuti ndine muntu chabe, munipase mukazi wanga na mwana."

Ba Yosefe anaganiza, n'kuvomera. Ndikhulupirira kuti nawonso ankafuna kuona.

M'njira ndinamuuza kuti nzeru yake ndi yabwino ngati aitsata. "Akakugunda yoyamba yabwino, ugwe. Osayembekeza yachiwili. Ugwe monga saka, ulile ngati ufuna."

"Niziba."

"Sunagwepo iwe. Uziba mwamene bagwela?"

Anaseka, koyamba chibwerere. "Nizakopela kuli iwe. Unali kugwa bwino na chibayo."

Linali Lamulungu, anthu atachokera kopemphera. Anasonkhana pa bwalo lopunthira mapira, ena ochokera midzi yakutali. Panalibe zingwe, panalibe magolovesi, panalibe belu. Jailosi anavula malaya. Ankamukonda mlamu wake, komanso ankaopa kuti iye mwini akhoza kufa tsiku limenelo. Andeleya atavula ake, amayi ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Chifuwa cha kumadzi kuja chinali chitamudya, nthiti zonse zili pamtunda.

Anthu akukhazikika, Monika anafika n'kuima kumbuyo kwa amayi anzake. Kutsogolo kwake, atagwira nsalu ya mayi ake, panali kamtsikana kovala mkanda woyera. Kanali ndi chipumi cha Andeleya, palibe akanakana. Ndinaona msuweni wanga atakaona. Manja ake anatsika pang'ono.

Jailosi anayamba mwamantha, kukankha m'malo momenya. Andeleya anamugunda kamodzi paphewa, mopepuka, kuti amuutse. Mantha aja anasanduka mphamvu. Chibakera choyamba chenicheni chinamupeza pakhutu, ndipo phokoso lake linamveka mpaka kumene ndinaima. Ndinati basi, zatha, tikatenge bokosi. Andeleya anadzandira, bondo limodzi linapinda, kenako linawongoka.

Chachiwiri chinang'amba chikope. Chachitatu chinatsegula mphuno. Sanabwezere, sanazinde, miyendo yake yodziwa kuthawa ija inangoima pamodzi. Anabisa chibwano pachifuwa monga mwa chizolowezi chake n'kumalandira. Ine amene ndinasasa mawu zaka zonse zija kumuuza kuti alimbe, tsiku limenelo ndinafuula kuti agwe. Ndinamutchula dzina, ndinamutukwana, ndinatchula ndi mayi ake omwe. Anandimva. Ndikudziwa kuti anandimva chifukwa anatembenuza diso limene linali likuonabe, koma silinaime pa ine.

Jailosi anali akulira tsopano, akumenya akulira. "Mulamu, gwani. Napapata, gwani." Anasonkhanitsa mphamvu zake zonse n'kuponya chomaliza. Chinagwera pachipumi penipeni. Tinamva kuthyoka, ndipo amene anakhala pansi atagwira dzanja lake anali Jailosi. Zala ziwiri zinali zitapindikira kumbali.

Andeleya anali chiimire, magazi akutsikira pachifuwa, akupuma ngati mvukuto.

Ba Yosefe anadzuka, anakonza jekete lawo, n'kulankhula ndi anthu, osati ndi ife.

"Mwaona mweka. Muntu chabe sembe anagwa kudala. Uyu sanaponye na kuponya, koma kwanja kwa mwana wathu kwatyoka."

Palibe anatsutsa. Monika ananyamula mwana n'kumuphimba kumutu ndi nsalu, ndipo anthu anatsegula njira yaikulu kuti ife tidutse.

Kwa mayi ndinamusambitsa nkhope ndi madzi a mchere. Ndinali nditakwiyira ba Yosefe, Filimoni, mzungu ndi sikelo yake, koma panthawiyo woposa onse anali iyeyo.

"Tinapangana," ndinatero. "Chinali chabe kugwa. Mwana wamung'ono aziba kugwa. N'chifukwa chani sunagwe?"

Madzi a m'beseni anali atafiira. Milomo yake inali itatupa, mawu ankatuluka movutika.

"Nenze nayamba kugwa. Manje naona Tereza aniyang'ana. Sananionepo, msuweni. Nikanagwa, chakuyamba kuona pali batate bake chikanakhala muntu ali gone mu dothi."

Ndinafinya kansalu n'kupitiriza kupukuta.

Diso litatseguka anapitanso kwa ba Yosefe, ndipo sanamupatse ndi mpando womwe. Anapita kachiwiri, anapeza Monika ndi mwana atawasamutsira kwa abale ena kutsidya kwa mtsinje. Mvula isanagwe anandipempha kuti ndimuperekeze ku msewu. Ndinamuuza kuti akhale, tilime limodzi munda wa mayi, mwina mitima idzafewa. Anati sangakhale pamalo pamene ana amathawa akamuona akupita kumadzi. Anakwera lole ya ku Lusaka, anawolokanso Zambezi, n'kukhala mtchona. Patapita zaka tinamva kwa obwerera kuti chifuwa chija chinamumaliza, ndipo anaikidwa ndi anzake a fosholo kuseri kwa komboni. Monika anakwatiwanso. Pulawo ija inalima mpaka inatha mano.

Tereza anakula, anakwatiwa, ndipo kwa nthawi yaitali ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu. Amanditchula kuti atate aang'ono, ngakhale a kwawo sanafune kuti andizolowere. Tsiku lina, iye ali kale ndi ana akeake, ndinakhala pa benchi lake kuthawa dzuwa, ndipo ndinalimba mtima n'kumufunsa ngati akukumbukira chilichonse cha bambo wake. Ndinkafuna ndimuuze chifukwa chimene anaimirira.

Anasiya kupanga milu ya tomato n'kuganiza.

"Nikumbukila chabe kamodzi," anatero. "Kunali bantu bambili. Panali mwamuna wina anaimilila pakati, magazi kumenso konse, aniyang'ana ine. Sanaleke kuniyang'ana. Ninayopa maningi, nakhala nimulota zaka na zaka." Anandiyang'ana. "Ndiye benze batate baja?"

Ndinati inde, anali iwowo. Zinazo sindinamuuze.